Kasikulu Kamene Kamalamula Mawu a Gitala

 Nkhani yathu lero ikuchokera pa chilumba cha Likoma, m'mudzi wa Khuyu, ndipo ikunena za kanthu kakang'ono kosaposa njere ya chimanga. Amisiri a wailesi amakatcha trimmer. Ine ndizikatcha kasikulu, popeza pamutu pake pali kamzera kolowetsapo sikuludiraiva. Mbiri ya kanthu kameneka itipititsa ku Lusaka, ku America ndi ku London, koma tidzabwerera ku Khuyu komweko tisanatsazikane.

M'mwezi wa Okutobala, nyengo imene miyala ya pa Likoma imatentha kumapazi, ndidatsika Ilala kukachezera mlongo wanga ku Khuyu. Ndidapeza mwana wake wamwamuna ali pansi pa mtengo wa mango, nkhope ili khwinya. Mnyamatayo amaimba gitala yamagetsi, ndipo adali atadzipangira kabokosi kopondera ndi phazi, kamene kamakhala pakati pa gitala ndi ampulifaya kuti mawu a gitala azituluka osasa ndi obangula. Adatsata chithunzi cha mawaya chimene mnzake adamupatsa. Matransistor awiri adawazula m'wailesi yakale ya agogo ake, imene adabwera nayo kuchokera ku ntchito ku Harare zaka za m'ma 1960.

"Amalume," iye adati, "kabokosi kanga kali ndi nkhanza. M'mamawa kamaimba bwino kwambiri. Ikafika masana kamatsamwa, mawu n'kumangodukaduka ngati munthu wachifuwa. Madzulo kamachiranso kokha. Anzanga akuti ndikataye, zinthu zotere n'zogula kusitolo."

Ndidamuyankha kuti, "Mphwanga, usakataye. Matenda amenewo adavutitsa anthu otchuka iwe usanabadwe, ndipo mankhwala ake adapezeka kalekale." Zimene ndidamufotokozera masiku awiri amene ndidakhala kumeneko ndi zimene ndifuna ndikuuzeni lero.

Tiyambe ndi funso ili: n'chifukwa chiyani mnyamata wa pa Likoma angafune kuti gitala yake isase mawu? Ena adzati akutsanzira azungu. Koma aliyense amene adaonerapo malipenga adziwa kuti khutu la pa chilumbachi lidazolowera mawu otere kuyambira kale. Gule wa malipenga adafala m'mbali mwa nyanja itatha nkhondo ya 1914 mpaka 1918, pamene amuna amene adaona perete wa asilikali a King's African Rifles adayamba kumutsanzira m'magulu otchedwa maboma, atavala zoyera ndi kuguba pamzere. Malipenga a mkuwa adalibe. Tsono adatenga zikho, naziboola, namata pa kabowo kachikopa kopyapyala koyera kamene kangaude amakutira mazira ake. Munthu akaimbira m'chikhomo, kachikopako kamanjenjemera, ndipo mawu amatuluka okulirapo, osasa ngati bemberezi. Gule ameneyu adazika mizu pa Likoma kotero kuti mu 1983 David Kerr ndi Mike Nambote adalemba kafukufuku wonena za malipenga a pa chilumbachi.

Luso lomweli tilipeza kumwera. Ulimba wa ku Chigwa cha Shire uli ndi zikho pansi pa mabango ake, ndipo zikhozo zimamatidwa kachikopa komweko. Oimba kalimba amakoleka timikanda kapena tizitsulo kuti tizinjenjemera, ndipo anyamata opanga mabanjo a zitini amakhomera zitsekerero za mabotolo pa ng'oma zawo. Masiku ano ambiri amamata kapepala ka pulasitiki m'malo mwa kachikopa ka kangaude, koma lamulo silidasinthe. Kachikopa kakakungika kwambiri sikanjenjemera, ndipo chikho chimangolira mwawamba. Kakakhwepa kwambiri kamangopupuma, nyimbo n'kusokonekera. Mmisiri weniweni ndi amene amadziwa pokaimika pakatikati. Mawu amenewa muwasunge, pakuti tidzawafuna kutsogoloku.

Tsopano tione mmene magetsi adalowera m'nyimbo zathu. Wailesi ya ku Lusaka idayamba kuulutsa mawu mu 1941, ndipo pambuyo pake idakhala Central African Broadcasting Station, yomvedwa ku Northern Rhodesia, ku Southern Rhodesia ndi kuno ku Nyasaland, m'zilankhulo zingapo kuphatikizapo Chinyanja. Chovuta chidali chakuti anthu akumudzi analibe zomvera. Harry Franklin, amene ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, adanyengerera kampani ya Ever Ready ya ku Britain kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Mu 1949 idatuluka wailesi yozungulira ngati sefuliya, yopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo, imene anthu adaitcha Saucepan Special. Inkagulidwa mapaundi 5, batire lake mashiling'i 25. M'kati mwake mudali mavalavu, timababu tagalasi timene timayenera kutenthedwa tisanagwire ntchito, n'chifukwa chake batire lake lidali lalikulu ndi lolemera. Kudzera m'wailesi imeneyi anthu ambiri adamva gitala ya Alick Nkhata kwa nthawi yoyamba.

Pamene wailesi ya sefuliya inkafika m'midzi, chinthu chodzalowa m'malo mwa valavu chidali chitabadwa kale. Mu Disembala 1947, ku Bell Laboratories ku America, John Bardeen ndi Walter Brattain, amene ankagwira ntchito m'gulu la William Shockley, adakhudzitsa timawaya tiwiri tagolide pa kachidutswa ka mwala wotchedwa germanium, naona kuti mphamvu yaing'ono yolowa ikutuluka itakula. Imeneyo ndiyo transistor, ndipo atatuwo adalandira mphotho ya Nobel mu 1956. Wailesi yoyamba ya transistor yogulitsidwa m'sitolo, Regency TR-1, idatuluka mu 1954, ndipo makampani a ku Japan monga Sony adatsatira msanga. Kuno kwathu, Malawi Broadcasting Corporation idakhazikitsidwa mu 1964, chaka cha ufulu, ndipo kampani ya Nzeru Radio idayamba kulumikiza mawailesi ku Blantyre. Wailesi idapepuka, niyamba kuyendera mabatire a tochi. Anthu a pa Likoma, amene sukulu za mishoni ya UMCA zidawatumiza m'maiko ambiri kukakhala aphunzitsi ndi akalaliki, ankabwera nazo pobwerera kwawo, monga adachitira agogo a mphwanga uja.

Nanga transistor imagwira ntchito bwanji? Ili ndi miyendo itatu, ndipo amisiri amaitcha base, collector ndi emitter. Ganizirani mpopi wa madzi. Madzi ambiri amadutsa pakati pa collector ndi emitter, ndipo base ndiye chogwirira chotsegulira. Kamphamvu kochepa kakalowa pa base kamalamula mphamvu yochuluka kokwana makumi kapena mazana. Nsambo ya gitala ikagwedezeka pamwamba pa maginito, imabala kamphamvu kofooka, kosafika ngakhale volt imodzi nthawi zambiri, kamene kamakwera ndi kutsika ngati funde. Funde limeneli ndilo timafuna kuti likule. Koma mpopi wathu uli ndi khalidwe limodzi: sutseguka pokhapokha pa base patafika mphamvu ya muyeso wake, pafupifupi 0.2 kapena 0.3 ya volt ngati ndi germanium, ndi 0.6 kapena 0.7 ngati ndi silicon. Mukangoupatsa funde la gitala uli chitsekere, mbali yaikulu ya fundelo imatayika.

Motero mmisiri amayamba wautsegula mpopiwo pang'ono, nausiya uli wotseguka theka ngakhale gitala ili chete. Kaimidwe kameneka ka transistor pamene ikudikira nyimbo ndiko kamatchedwa bias, ndipo amakakhazikitsa ndi tizitsulo tochepetsa mphamvu totchedwa maresistor. Inu a m'mbali mwa nyanja muchimva msanga. Msodzi akamalonga bwato amaika katundu pakati, kuti funde likabwera kumanja bwato lipendeke n'kubwerera, likabwera kumanzere lichitenso chimodzimodzi. Akaunjika katundu mbali imodzi, kafunde kakang'ono komwe kamalowetsa madzi. Kabokosi ka gitala kamayendera batire la ma volt 9. Ngati pa collector pali ma volt 4.5 pamene kuli chete, funde lili ndi malo ofanana okwerera ndi otsikira. Ngati pali 8, malo okwerera atsala ochepa. Ngati pali 1, malo otsikira ndiwo atha.

Wopanga wailesi amafuna kuti funde lisagunde malire ameneŵa, kuti mawu a muulutsi amveke monga adalankhulira. Wopanga kabokosi ka gitala amafuna zosiyana. Iye amakuza fundelo dala mpaka mutu wake ugunde denga, ndipo mutuwo umaphwatalala. Funde lophwatalala mutu limabala mawu ena pamwamba pa mawu oyamba. Mwachitsanzo, nsambo yachisanu ya gitala imanjenjemera ka 110 pa sekondi. Funde lake likadulidwa mofanana kumwamba ndi kunsi, pamawonjezeka kunjenjemera kwa 330, 550 ndi kupitirira apo. Likadulidwa kwambiri mbali imodzi, pamabweranso 220 ndi 440, ndipo khutu limamva ngati wina akuimba nawo ndi mawu aang'ono. Kumeneko ndiko kusasa kumene mnyamata wathu ankafuna. Choncho bias ndiyo imasankha mtundu wa kusasako, monga mmene kukungika kwa kachikopa kumasankhira kulira kwa chikho.

Chodabwitsa n'chakuti kumaiko a azungu mawu ameneŵa adayamba ngati ngozi. Kwa zaka zambiri amisiri awo ankayesa kusasa kulikonse kuti ndi chilema chofunika kuchichotsa, ngakhale oimba ena a blues ankakonda kukuza maampulifaya awo a mavalavu mpaka kubangula. Mu 1960, mumzinda wa Nashville, Marty Robbins ankajambula nyimbo yotchedwa Don't Worry. Njira imodzi ya makina ojambulira idawonongeka, ndipo besi ya Grady Martin idatuluka ili yosasa kotheratu. Adaisiya momwemo, ndipo nyimboyo itatuluka mu 1961 idagulidwa kwambiri. Mmisiri wa m'nyumba yojambulirayo, Glenn Snoddy, pamodzi ndi mnzake Revis Hobbs, adapanga kabokosi ka matransistor atatu a germanium kotsanzira chilema chija. Kampani ya Gibson idayamba kukagulitsa mu 1962 ndi dzina lakuti Maestro Fuzz-Tone. Poyamba sikadayende malonda, kufikira 1965 pamene Keith Richards wa gulu la Rolling Stones adakagwiritsa ntchito m'nyimbo ya Satisfaction. Kuyambira pamenepo mawu akuti fuzz adadziwika ponseponse.

Ku London amisiri adayamba kupanga mabokosi awoawo. Mu 1965 kudabwera Tone Bender, ndipo mu 1966 kampani ya Ivor Arbiter idatulutsa Fuzz Face, kabokosi kozungulira kooneka ngati nkhope. M'kati mwake mudali zinthu zoŵerengeka chabe: matransistor awiri, maresistor anayi, macapacitor atatu ndi zopotokola ziwiri. Jimi Hendrix, amene adafika ku London chaka chomwecho, adakatchukitsa dziko lonse. Chithunzi cha mawaya chimene mphwanga adatsata ku Khuyu chidali cha kabokosi komweka, ndipo kuphweka kwake ndiko kwachititsa kuti anthu osaŵerengeka akapangire kunyumba kwawo.

Koma Fuzz Face idali ndi mbiri ina. Mabokosi aŵiri otuluka m'fakitale imodzi tsiku limodzi sankalira mofanana, ndipo oimba ankayesa angapo m'sitolo asanasankhe kamodzi. Chifukwa choyamba n'chakuti matransistor, ngakhale alembedwe nambala imodzi, sakuza mofanana. Ina imakuza ka 60, inzake ka 150, pamene maresistor a m'kabokosimo adali a muyeso umodzi wosasintha. Chifukwa chachiŵiri ndi kutentha. Germanium imadontha, ndiko kuti imalola kamphamvu kena kudutsa ngakhale mpopi uli wotseka, ndipo kudonthako kumaŵirikiza kaŵiri pafupifupi pa madigiri 10 alionse amene kutentha kwakwera. Kabokosi kamene kadaikidwa bwino m'chipinda chozizira cha ku London kamasuntha kaimidwe kake pansi pa nyali zotentha za pa nsanja. Nanga kuli bwanji pansi pa dzuŵa la Okutobala pa Likoma? Matenda a kabokosi ka mphwanga adali omweŵa. M'mamawa katundu adali pakati pa bwato, masana n'kutsetserekera mbali imodzi.

Mawu a fuzz sadachedwe kufika kwa anthu olankhula chinenero chathu. Ku Zambia, zaka za m'ma 1970, anyamata a m'migodi ya kopa ndi a ku Lusaka adayambitsa mtundu wa nyimbo wotchedwa Zamrock. Ku Kitwe kudali gulu la WITCH, lotsogozedwa ndi Emmanuel Jagari Chanda, ndi gulu la Amanaz limene lidatulutsa chimbale cha Africa mu 1975. Ku Lusaka kudali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Nyirongo, amene ankaimba m'Chinyanja ndi m'Chingerezi za moyo wa m'makomboni, gitala yake ikubangula koposa onse. Chimbale cha gulu lake la Ngozi Family, Day of Judgement, chidatuluka mu 1976. Pakati pa zaka zimenezo Pulezidenti Kenneth Kaunda adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse za pa wailesi ya dzikolo zikhale za ku Zambia, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inkadinda zimbale. Mtengo wa kopa utagwa, ndalama zogulira zida ndi zimbale zidasoŵa, kenaka matenda a Edzi adatenga oimba ambiri. Paul Ngozi adamwalira mu 1989. Patapita zaka, kampani ya Now-Again ya ku America idadindanso zimbale zija, ndipo anthu a kunja adazizwa kumva mmene fuzz idakhalira bwino pamwamba pa ng'oma za kuno. Ife amene tidakulira pa zikho za malipenga tilibe chozizwa nacho.

Kuno ku Malaŵi magitala amagetsi adali m'manja mwa magulu ochepa monga MBC Band, Kalimba ndi Alleluya Band ya ku Balaka, imene idayamba mu 1978. Oimba ambiri ankadalira manja awo. Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band adatchuka ndi banjo ndi ng'oma zopanga okha, ndipo Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka adafika mpaka ku Ulaya mu 1972 ndi gitala wamba, chitoliro ndi besi ya nsambo imodzi. Ku Kinshasa, Mawangu Mingiedi wa gulu la Konono No. 1 adazula maginito m'zitsulo za magalimoto akufa, nakulunga waya, kuti likembe lake limveke pakati pa phokoso la mzinda. Zimkuzamawu zake zidasasitsa mawuwo, iye n'kuwalandira, ndipo chimbale cha Congotronics chitatuluka mu 2004 dziko lidamvetsera. Mnyamata wozula matransistor m'wailesi ya agogo ake akuyenda m'njira imene akuluakulu ameneŵa adalambula.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 mafakitale adasiya germanium nayamba silicon, imene sidontha kwenikweni ndipo imapirira kutentha. Kenaka kudabwera mabokosi a mawu ofatsirapo otchedwa overdrive, otsanzira ampulifaya ya mavalavu imene yakuzidwa mopyola pang'ono. Ku Japan, Boss OD-1 idatuluka mu 1977, ndipo Ibanez Tube Screamer mu 1979. Ameneŵa amagwiritsa ntchito kachipangizo kamene matransistor ambiri adaumbidwira pamodzi, ndipo safuna kusinthasintha. Komabe opanga kunyumba sadasiye transistor yapayokha, popeza ambiri amakonda kulira kwake. Ndipo kusiyana kuja sikudathe. Mapepala a fakitale amanena kuti BC108, transistor ya silicon yopezeka m'mawailesi ambiri akale, itha kukuza ka 110 kapena mpaka ka 800. Mtundu wina wotchedwa JFET, wokondedwa m'mabokosi a overdrive opanga pamanja, umasiyanasiyana chomwechonso: J201 ina imatseka pa 0.3 ya volt, inzake pa 1.5. Palibe resistor imodzi imene ingakwanire onseŵa.

Apa ndi pamene kasikulu kathu kamaloŵera. Trimmer ndi resistor yosinthika. M'kati mwake muli kanjira ka makala kopindika ngati chibangili, ndi kadzanja kachitsulo koyenda pamwamba pake. Mukatembenuza kasikulu, kadzanjako kamafupikitsa kapena kutalikitsa njira imene mphamvu ikudutsa. Amisiri a wailesi adakagwiritsa ntchito kuyambira kale pokonza makina m'fakitale asanawatseke, ndipo mukatsegula wailesi kapena kaseti yakale mudzakapeza, nthawi zina katadonthezedwa utoto kuti kasasunthe. Opanga mabokosi a gitala adangokabwereka.

Tsiku lachiŵiri, m'mamawa, ine ndi mphwanga tidapita kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi mafoni kukabwereka mita yoyezera mphamvu. M'katoni yake ya zakufa tidapezamo trimmer ya ma ohm 10,000. Pa collector ya transistor yachiŵiri ya Fuzz Face pamakhala resistor ya ma ohm 8,200. Tidaichotsa, n'kuikapo kasikuluko pamodzi ndi resistor yaing'ono ya ma ohm 1,000 motsatizana, kuti ngakhale munthu atembenuze mpaka kumapeto, njira isakhale yopanda chotchinga. Powotcherera tidapana mwendo wa transistor ndi pulayala, chifukwa germanium imafa msanga ndi moto wa chowotcherera. Tidaika batire latsopano, popeza batire lofooka limanamiza muyeso. Waya wakuda wa mita tidaugunditsa pa waya wa pansi wa kabokosi, wofiira pa collector, gitala ili chete. Mita idaonetsa chizindikiro chochotsera patsogolo pa nambala, ndipo mnyamatayo adadzidzimuka. Ndidamuuza kuti matransistor ambiri a germanium ndi a mtundu wa PNP, umene umalumikizidwa chozondoka, choncho chizindikirocho chisamuopse.

Tidadikira mpaka dzuŵa lifike pamutu, nthawi imene kabokosi kankatsamwa. Nambala ya pa mita idali itachoka kutali ndi pakati. Mnyamatayo adagwira sikuludiraiva natembenuza mwamphamvu, nambala n'kulumphira mbali inayo. "Pang'onopang'ono, mphwanga," ndidatero, "kuona maso a nkhono n'kudekha." Adabwereza mofatsa mpaka mita idaima pafupi ndi 4.5. Atakhudza nsambo, mawu adatuluka athunthu, natalika, nazilala mwaulemu osadukiza.

Pamenepo mkulu wina wa m'mudzimo, amene adavina malipenga pa unyamata wake, adali atakhala pa mpando chapafupi akumvetsera. Adati, "Mwana iwe, bwezera pang'ono. Pamenepo payera kwambiri. Chikho chabwino chimakhala ndi mchenga pakhosi." Mnyamatayo adabwezera kasikulu pang'ono, nambala n'kuchoka pa 4.5, ndipo mkuluyo adagwedeza mutu kuvomereza. Iye sadaphunzirepo za ma volt, koma adanena zimene amisiri a mabokosi ameneŵa amanena: mita imakufikitsa pakhomo, khutu ndilo limasankha pokhala. Chifukwa kutentha kwa pa chilumba kumasintha tsiku lililonse, tidaboola kabowo pa chivundikiro kuti sikuludiraiva izifika pa kasikulu popanda kutsegula kabokosi. Ena amaika chopotokola chachikulu kunja, ndipo amene safuna vuto limeneli amasankha silicon.

Ndisanamalize, chenjezo kwa achinyamata amene nkhaniyi yawapatsa chilakolako. Batire la ma volt 9 silingakupheni, ndipo ndi malo abwino ophunzirira. Koma musatsegule ampulifaya ya mavalavu, wailesi yakanema yakale, kapena chilichonse cholumikizidwa ku magetsi a m'nyumba popanda mmisiri wodziŵa. Zina mwa zimenezi zimasunga mphamvu ya ma volt mazanamazana ngakhale mutazizula kukhoma. Utsi wa mtovu wowotcherera musaupume, ndipo musambe m'manja musanadye.

Omvera anzanga, zipangizo zambiri za lero zimabwera zomatiratu, tizigawo take tili tating'ono kuposa nyerere, ndipo zikafa timangotaya. Okonza mawailesi amene ankadziŵa mwendo uliwonse wa transistor akukalamba, ndipo makatoni awo a zakufa akutayidwa kudzala. Mphwanga adatsala pang'ono kutaya kabokosi kabwinobwino chifukwa panalibe womuuza kuti chinthu chopangidwira kuzizira kwa ku London chiyenera kuikidwanso pa muyeso wa kwathu. Ngati m'mudzi mwanu muli mkulu wokonza mawailesi, tumizani ana akakhale naye pa benchi. Ngati muli ndi wailesi yakufa ya makolo anu, muipereke kwa mwana wokonda kumasula zinthu. Ndipo ngati muli mkulu wodziŵa kumata chikho cha lipenga, musadziyese mlendo pa nkhani ya magetsi, pakuti ku Khuyu khutu lanu ndilo lidamaliza ntchito imene mita idayamba.

Pamene Ilala inkanyamuka, mnyamata uja adandiperekeza kudoko, sikuludiraiva yaing'ono ili m'thumba la malaya. Adandiuza kuti akufuna kupanga kabokosi kachiŵiri, ka silicon, kuti ayerekeze kulira kwake, ndipo mkulu wa malipenga uja walonjeza kudzamvetsera.